Dzina la Kuntchito

Atsibweni anga anali ndi kachitini ka masikono kamene mwana aliyense pamudzi pathu ankadziwa kuti n'kosakhudza. Ankakakulunga m'pulasitiki ya thumba la feteleza n'kukasomeka kudenga, pakati pa phaso ndi udzu, kuopa chiswe ndi mvula. Ine ndinakatsegula koyamba ndili kale mphunzitsi, iwo atandiitana kuti ndiwawerengere kalata ya Chingerezi. Munali chitupa cha ku Rhodesia chong'ambika m'mapindiro, khadi la pamgodi lokhala ndi nambala, timapepala ta malipiro tomanga ndi mphira, buku la ku positi, ndi kalatayo. Ndinatembenuza pepala lililonse, koma dzina limene amayi ankawaitanira, limene agogo awo anawapatsa kuno ku Malowera, silinapezeke paliponse. Mapepala onse ankanena za munthu wina, wa ku Katete, m'dziko la Northern Rhodesia.

"Ameneyu ndani, atsibweni?"

"Ndine ndemwe, mphwanga. Limenelo ndi la kuntchito."

Anayankha mopepuka, ngati munthu amene akukuuza kuti nsapato izi n'zakumunda. Koma dzina la kuntchitolo ndi limene linadzatiyendetsa mpaka ku Harare iwo atakalamba, ndipo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe za amuna a kuno ku Marávia amene mphamvu zawo zinathera kunja, ndi za ndalama zawo zopumira zimene zinatsalira komweko.

Kuchoka sikunayambe ndi atsibweni. Boma lathu lakhala pakati pa malire a Zambia kumpoto ndi Zambezi kummwera, ndipo Apwitikizi sanabweretseko ntchito yoti munthu n'kudyerapo. Chimene anabweretsa ndi msonkho, asipayi ndi chibalo cha pamsewu. Wolephera msonkho ankamangidwa chingwe m'chiuno, ndipo akuluakulu amene atsala, ukawatchulira mbalamatodya ya ku Fingoé, amayamba ayang'ana zikhato zawo asanakuyankhe. Tsidya lina la Zambezi kunali Angerezi, amene migodi ndi mafamu awo zinkasowa manja. Mu 1913 maboma awiriwa anasainirana pangano lolola bungwe lolemba antchito la ku Southern Rhodesia kutenga amuna mpaka 15,000 m'chigawo cha Tete. Ku Salisbury kunakhala mkulu wa Chipwitikizi amene ntchito yake inali kulemba anthu a kuno ndi kutolera ndalama pamutu pawo. Mwamuna wa ku Marávia anali ngati mbuzi yobwereketsa: thukuta n'lake, koma phindu agawana eni makola awiri.

Bungwe lolemba antchitolo anthu analitcha dzina lomwe lija la chibalo, poti wolowa m'manja mwake sankasankha kopita, ndipo ankaponyedwa kumigodi imene ena onse akuithawa. Charles van Onselen analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1976, mutu wake Chibaro. Bungwelo linatsekedwa mu 1933, ndipo mu 1946 kunabwera lina limene agogo athu amalidziwa kuti Mthandizi. Kunalinso malole a Ulere onyamula anthu osalipira. Koma amuna ambiri a kuno ankakonda kupita a selefu, kudziyendera okha ndi kukasankha okha bwana. Ankatsika wapansi mpaka ku Zambezi, kuoloka pabwato ku Chicoa, kudutsa Mukumbura, n'kukatulukira ku Mount Darwin, Bindura ndi Shamva. Olimba miyendo ankafika mpaka ku malasha a ku Wankie. Doko la Chicoa limene atsibweni anaolokera lili pansi pa madzi tsopano, chimangireni damu la Cahora Bassa.

Nanga dzina linasinthiranji? Choyamba, munthu wothawa chibalo sangakadzilembetse kwa Mpwitikizi yemweyo ku Salisbury. Chachiwiri chinabwera ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953. Wa ku Nyasaland kapena ku Northern Rhodesia anakhala wa m'nyumba, pamene wa ku Mozambique anakhala mlendo, ndipo mu 1958 kunatuluka lamulo loletsa alendo otere kufuna ntchito m'mizinda ikuluikulu. Atsibweni anachoka lamuloli litangotuluka kumene, ndevu zisanamere bwino. Panjira anakumana ndi anyamata a ku Katete amene anawalangiza kuti akafika pawindo la mabalani asakatchule Fingoé. Anawabwereka dzina la mbale wawo, dzina la mudzi ndi la mfumu, n'kuwabwerezetsa usiku wonse pamoto mpaka anazoloweka pakamwa.

Kwa iwo limeneli silinali bodza lalikulu, ndipo ine sindiwaweruza. Chichewa cha ku Malowera ndi cha ku Katete n'chimodzi. Gawa Undi wa ku Mkaika ndi mfumu yathu ifenso, ndipo likulu lake lakale, ku Mano, linali mbali ino ya malire. Pa mwambo wa Kulamba mafumu a kuno amapita ndi mitulo monga a ku Zambia ndi a ku Malawi. Mzere umene azungu anajambula unadutsa pakati pa minda ya anthu a mbumba imodzi. Mabalani wa pamgodi sakanatha kusiyanitsa, ndipo sankasamalanso. Iye ankalemba chimene khutu lake lamva. Ena anatuluka pawindopo ali Sikisipensi, ena Tiki, ena dzina la bambo awo litasanduka lawo. Chimene kampani inkachidziwa bwino ndi nambala. Tikiti ya masiku makumi atatu inkadindidwa pa nambala, phoso pa nambala, ndipo kuchipatala cha pamgodi ankaitana nambala.

Masiku amenewo nkhani ya penshoni panalibe aliyense woiganiza. Southern Rhodesia inali ndi lamulo la penshoni ya okalamba kuyambira 1936, koma munthu wakuda sankawerengedwamo. Maganizo a boma ndi a eni migodi anali oti wantchito wakuda ali ndi kwawo: akakalamba kapena chifuwa chikamugwira adzabwerera kumudzi, abale akamusunge. Pamenepa mpamene ndimafuna owerenga aime pang'ono. Penshoni ya migodi ya ku Rhodesia kwa zaka zambiri anali amayi athu. Mlongo wotsala pamudzi ndiye ankalima, kusunga mbewu, kuika maliro, ndi kudzalandira munthu wobwera ndi bokosi lachitsulo, bulangeti, njinga mwina, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kampani inkatenga mnyamata n'kubweza nkhalamba, ndipo nkhokwe ya mlongo ndiyo inkalipira zotsalazo.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Thumba la penshoni la ogwira ntchito m'migodi, Mining Industry Pension Fund, linakhazikitsidwa mu 1952, ndipo makampani ena anali ndi matumba awoawo. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma linadzakhazikitsa bungwe la NSSA, limene linayamba kudula antchito mu Okutobala 1994. Lamulo lake n'loti wasonkha miyezi 120 alandire mwezi ndi mwezi akakwana zaka 60, kapena 55 ngati ntchito yake inali yakalavulagaga monga ya mumgodi, ndipo wosakwanitsa miyeziyo apatsidwe kamodzi. Atsibweni anali m'thumba lina mwa matumba ambiriwa. Timapepala tawo ta malipiro tikuonetsa mzere wa penshoni mwezi uliwonse kwa zaka zoposa makumi awiri. Iwo sankadziwa kuwerenga Chingerezi, koma mzere umenewo ankauloza ndi chala osaphonya.

Anapita kuti akakhale zaka ziwiri, agule njinga ndi nsalu za amayi. Anakhala pafupifupi zaka makumi anayi. Anthu amafulumira kunena kuti mtchona ndi munthu woiwala kwawo, koma taonani zimene zinali pakati pa iwo ndi mudzi. Mu 1968 nkhondo ya Frelimo inalowa m'chigawo cha Tete kudzera kumalire a Zambia, ndipo midzi ya kuno inali m'gulu loyamba kuimva. Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda. Asilikali a boma la Rhodesia anatchera mabomba m'malire a ku Mukumbura, pamene panali njira ya amuna athu. Mu Malichi 1976 Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia. Kenaka inabwera nkhondo yachiweniweni, ife n'kuthawira ku Zambia, kumene tinakhala pamsasa wa Ukwimi m'boma la Petauke kufikira mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utakhazikika. Munthu akanabwerera kuti, mudzi wake uli phulusa? Makalata amene ankatumiza sankapeza wowalandira. Nazonso zikalata za kuno, za ubatizo ndi za kubadwa, zambiri zinapsa m'zaka zimenezo.

Choncho anamanga moyo kukomboni. Anakwatira mwana wa munthu wa ku Dedza wobadwira pamgodi pomwepo, nabereka ana asanu. Loweruka gule ankatuluka kudambwe la kuseri kwa komboni monga amatulukira kuno, ndipo mwezi uliwonse ankasonkha ku beria, bungwe lawo la maliro. Imfa inali pafupi nawo nthawi zonse. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha ku Wankie unaphulika n'kupha anthu 427, pakati pawo pali ambiri ochokera ku Zambia, Mozambique ndi Malawi. Atsibweni sanali kumeneko, koma ankati usiku umenewo sanagone, poganiza kuti iwo atafera pansi, uthenga ukanapita ku Katete kwa anthu osawadziwa, amayi anga osamva kanthu.

Anapuma ntchito mgodi wawo utayamba kuchepetsa anthu, zaka za m'ma 1990 zikutha. Posakhalitsa dziko limene analikumbira linayamba kuwaona ngati alendo. Mu 2000 mafamu anayamba kulandidwa, ndipo antchito ambiri a m'mafamumo, zidzukulu za anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anasowa kolowera. Mu 2001 lamulo la unzika linasintha, anthu obadwira konko kwa makolo akunja n'kupezeka kuti ziphaso zawo zikuwatcha alendo. Zinakonzedwa m'malamulo aakulu a dziko a 2013, koma apo n'kuti atsibweni atabwera kale. Akuluakulu a mbumba yathu anali atatha, ndipo amayi anawatumizira mawu kuti pamudzi palibe nkhoswe. Akazi awo anatsala ndi ana, poti kwawo n'komweko. Iwo anafika ndi bokosi lachitsulo, wailesi ndi kachitini kaja.

Zaka zoyamba penshoni inkaoneka. Inkalowa m'buku la ku positi, ndipo kawiri pachaka ankapita kukatapa, kuona ana, n'kubwera ndi shuga, sopo ndi ndalama ya feteleza. Malata asanu ndi atatu a panyumba ya amayi anachokera m'buku limenelo. Kenaka ndalama ya Zimbabwe inayamba kusungunuka ngati mchere m'madzi. Mu Ogasiti 2006 boma linachotsa maziro atatu, mu Ogasiti 2008 maziro khumi, mu Febuluwale 2009 maziro khumi ndi awiri. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi 2008 kukwera mitengo kunafika pa 231 miliyoni peresenti, ndipo kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Ulendo wawo womaliza wa nthawi imeneyo anaima pamzere masiku awiri, ndipo zimene anatapa, za miyezi isanu ndi umodzi, sizinagule buledi. Anabwerera ndi ndalama ya basi yopatsidwa ndi mwana wawo. Atafika anakhala pakhonde osalankhula, kenaka anati, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, mphwanga. Wapachala ngwa mphepo." Dziko litayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America mu 2009, matumba a penshoni anatembenuza mabuku awo, ndipo anthu ambiri amene anasonkha moyo wawo wonse anauzidwa kuti chatsala n'chochepa kapena palibe.

Kachitini kanakhala kudenga zaka zingapo. Mu 2015 tinamva pawailesi kuti boma la Zimbabwe lasankha komiti yotsogozedwa ndi woweruza wopuma, George Smith, kuti ifufuze mmene ndalama za penshoni ndi za inshuwalansi zinatembenuzidwira. Atsibweni anandiitana m'mawa mwake. Maso anali atayamba kuchita khungu, koma anati tipite akadali ndi miyendo.

Njira ya ku Chicoa kulibenso, choncho tinazungulira. Tinakwera galimoto ya matola mpaka ku Fingoé, ina mpaka pa Bene, chapa mpaka ku Tete, kenaka Changara, Cuchamano, kuoloka pa Nyamapanda, Mutoko, Harare. Kumene iwo anayenda wapansi opanda pepala lililonse, tsopano panafunika pasipoti, ndipo pasipotiyo inali ndi dzina lawo lenileni, lolembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi, ndi chaka chobadwa chimene kalaliki wa kuno anangoyerekeza powayang'ana nkhope nkhondo itatha.

Muofesi imene tinalowa munali mtsikana waulemu. Anatenga khadi la pamgodi, kulemba nambala pakompyuta, ndipo dzina la ku Katete linatuluka pomwepo, ndi tsiku loyamba ntchito ndi lopuma. Atsibweni anamwetulira. Kenaka mtsikanayo anatsegula pasipoti, kuyang'ana pakompyuta, kuyang'ananso pasipoti.

"Agogo," anatero m'Chinyanja cha kukomboni, "munthu ali umu ndi wa ku Zambia. Inu ndinu a ku Mozambique. Maina ndi osiyana, zaka zobadwa n'zosiyana. Ine ndikukhulupirirani, koma sindingalipire munthu wina ndalama za munthu wina."

"Mwana wanga, tayang'ana manjawa. Akumba ndi amenewa."

Sindimuimba mlandu mtsikana uja. Akuba penshoni za akufa alipo, ndipo lamulo limene linatitsekereza ife ndi lomwe limatchinjiriza amasiye. Chiphaso cha Zimbabwe cha atsibweni, chimene chikanagwirizana ndi kompyuta, chinatayika m'chaka cha mizere chija. Kalata ya anyakwawa imene ndinanyamula inali ya Chipwitikizi, ndipo chidindo chake kumeneko sichinkadziwika. Anatiuza kuti pakufunika kalata yolumbira pamaso pa wovomerezeka, mboni zodziwa kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi, pepala lotsimikiza kuti mwini wake ali moyo, ndi akaunti ya kubanki. Munthu ataima pamaso pako akupuma, n'kumuuza kuti abweretse pepala loti ali moyo, zimamveka zachipongwe, koma penshoni kulikonse imayenda motero. Ngakhale INSS ya kwathu kuno imaitana okalamba kukaonetsa kuti alipo.

Mboni tinakazipeza kumene sindinkayembekezera. Msuweni wanga, mwana wawo wachiwiri, anatitengera kukomboni yakale. Mgodi unali chete, nyumba zambiri zopanda magalasi, koma anthu analipo, ndipo beria inali ikadalipo. Mlembi wake, nkhalamba ya ku Mchinji, anatulutsa mabuku akuda a zikuto zolimba, ena odyedwa ndi njenjete. Anatsegula la zaka za m'ma 1960, n'kuyendetsa chala mpaka pa nambala ya atsibweni. Pamzere umodzi panali dzina la kuntchito, dzina lenileni, mfunda wawo, mudzi wathu, dzina la anyakwawa a nthawiyo, ndi dzina la amayi anga monga mlongo wouzidwa zikachitika. Ndinafunsa chifukwa chimene ankalembera zonsezi pamene kampani inkakhutira ndi nambala.

"Aphunzitsi," anatero, "bwana mungamunamize, koma manda simunganamize. Munthu tikamuika, timayenera kudziwa mizimu yoiuza ndi mudzi wotumizako uthenga."

Buku limenelo ndi nkhalamba ziwiri zimene zinadinda chala pa kalata yolumbira ndi zimene zinagwirizanitsa atsibweni ndi dzina lawo. Boma la Apwitikizi, boma la Angerezi ndi kampani, onse anali ndi alembi olipidwa ndi makabati achitsulo, koma mbiri yoona ya munthuyo inasungidwa ndi anzake osonkherana mashereni a bokosi la maliro. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa ndiponso ndimanyada.

Patatha miyezi ingapo ndalama inatuluka, ya kamodzi. Sinakwane zimene tinaononga paulendo. Atsibweni anagula thumba limodzi la feteleza ndi chitenje cha amayi, ndipo kalata yotsimikiza maina awo awiri anaipinda bwino n'kuiika pamwamba m'kachitini. Anamwalira dzinja lachiwiri lake. Lipoti la komiti ya Smith linatuluka poyera mu Malichi 2018, iwo atagona kale. Linapeza kuti anthu anataya ndalama osati chifukwa cha kukwera mitengo kokha, komanso chifukwa cha kayendetsedwe ka matumba ndi kufooka kwa oyang'anira, ndipo linati alipidwe chipukutamisozi. Malamulo a kalipiridwe kake anadzatuluka mu 2023. Pakati apo ndalama ya dzikolo inasinthanso mu 2019, kenaka mu 2024 kunabwera ZiG.

Pamaliro panabuka nkhani ina imene mabanja ambiri a kuno amaidziwa. Akuluakulu anati kachitini n'kanga, poti mwa Chichewa cha makolo chuma cha mtsibweni chimatsata mbumba, ndipo ine ndi amene ndinayenda nawo. Koma fomu ya penshoni simdziwa mphwa. Imafunsa mkazi wamasiye ndi ana, ndi chikalata cha ukwati. Ena anakwiya, nati malamulo a azungu akulanda mbumba. Ine mwambo wathu ndimaulemekeza, ndipo ndanena kale kuti amayi anga ndi amene anasunga atsibweni pa ukalamba wawo. Koma amayi aja a kukomboni anadzuka m'bandakucha zaka makumi atatu ndi zisanu kuphikira munthu wolowa pansi, osadziwa ngati atuluka. Ndalama imene inkadulidwa mwezi ndi mwezi inkachoka pa mbale ya ana awo. Pamenepa fomu inalondola. Tsiku lometa ndinapereka kachitini kwa msuweni wanga pamaso pa onse, ndipo amayi anga, amene ndinkaopa kuti akhumudwa, ndiwo anayamba kuomba m'manja.

Nkhani ya atsibweni ndi kachigawo chabe. Amuna ena a kuno anapita ku Joni. Wenela sinkaloledwa kulemba anthu kumpoto kwa Mozambique, choncho ankalowera ku Nyasaland n'kukalembetsa ngati a kumeneko, ndi dzina lobwereka ndi mudzi wobwereka. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha amuna a ku Malawi oposa 70, Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Unayambiranso pansi pa Theba mu 1977, n'kutheratu mu 1988. Lero bungwe loyang'anira za ndalama ku South Africa, FSCA, limanena kuti m'matumba a penshoni muli ndalama zoposa mabiliyoni 40 a marandi zimene eni ake sanazitenge, ndipo gawo lalikulu ndi la anthu a m'migodi. Palinso Tshiamiso Trust, imene inapatsidwa mabiliyoni 5 a marandi khoti litavomereza mu 2019, yolipira amene anadwala chifuwa cha fumbi kapena TB m'migodi ina ya golide pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Imeneyi si penshoni, koma khomo lake n'lomwelo: nambala ya kuntchito, dzina logwirizana, chala. Maofesi othandiza zimenezi m'dziko lathu ali kummwera, kumene kunkachokera amigodi ambiri. Wa ku Marávia wolembedwa ngati wa ku Dedza, ku Maputo saoneka m'kaundula, ndipo ku Lilongwe alibe chiphaso.

Ngakhale amene anapita ndi maina awo enieni, potumidwa ndi boma, sanapulumuke. Pangano la 1979 linatumiza achinyamata athu zikwizikwi ku East Germany, kumene gawo la malipiro awo, nthawi ina mpaka 60 peresenti, linkadulidwa kuti adzalandire kwawo. Amajerimani amenewa akhala akuguba Lachitatu m'misewu ya Maputo kwa zaka zoposa makumi atatu, tsitsi lachita imvi ali pamsewu.

Mayiko a SADC anavomereza mu 2020 ndondomeko yoti ndalama zotere zizitha kutsata munthu akaoloka malire. Ndi mawu abwino, koma ku Malowera sanafike. Kwa zaka zambirimbiri olemba antchito ankadziwa njira yofikira mudzi uliwonse wa m'chigawo chino. Anali ndi malole, misasa yogona panjira, madokotala oyeza zifuwa ndi omasulira. Pofuna manja athu mtunda sunali vuto. Ngati matumba a penshoni akufunadi eni ndalama, abwere njira yomweyo. Alengeze maina ndi manambala pawailesi ya ku Tete m'Chinyanja, atumize kalaliki akhale sabata imodzi ku Fingoé ndi ina ku Malowera, ndipo avomere kuti umboni wa anyakwawa ndi buku la beria ndi umboni. Kuuza nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu kuti ifufuze pa intaneti ndi chimodzimodzi kuiuza kuti isiye.

Chipumireni ntchito ya uphunzitsi ndili ndi kope langa lachikuto chakuda, longa la mlembi uja. Tsamba lililonse ndinaligawa: dzina la kumudzi, dzina la kuntchito, nambala, mgodi kapena famu, zaka, ndi amene angachitire umboni. Anthu amva, ndipo amabwera ndi zitini zawo, ena ndi mapepala a amuna awo amene anafa kale. Ndimajambula pepala lililonse pafoni n'kukwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki ya ku Zambia imagwira, kuti nditumize kwa msuweni wanga. Iye amadziwa makomo a ku Harare tsopano. Za bambo ake anapereka mafomu onse m'dzina la amayi ake, ndipo anauzidwa kuti adikire.

Anyamata a masiku ano akupitabe, ena ku Joni, ena kumafamu a ku Zambia. Sabata yatha mdzukulu wa mlongo wanga anabwera kudzatsazika, atanyamula chiphaso cha mnzake poti chake sichinatuluke. Ndinamukhazika pakhonde pomwe atsibweni ankakhala, ndinatsegula tsamba latsopano, n'kumuuza kuti anditchulire maina onse awiri asananyamuke.